Mawu a Vaileti pa Kaseti ya Chingerezi

Lurdes Sailesi anabwerera pabenchi la ophunzira ali ndi zaka makumi atatu ndi ziwiri. Ukwati wake unali utatha wopanda mwana, ndipo zaka zisanu zogulitsa matimati ndi nthochi m'mbali mwa msewu pa Cassacatiza, pamalire ndi Zambia, zinamutopetsa. Tsiku ndi tsiku ankamva madalaivala a magalimoto aatali opita ku Zambia akukalipirana m'Chingerezi, iye n'kumangotola liwu limodzi apa, lina apo. Atamva kuti mpingo wina watsegula shikola yaing'ono kufupi ndi Nsadzo, yophunzitsa Baibulo ndi Chingerezi kwa anthu akuluakulu ofuna kudzakhala aphunzitsi, anamanga kachikwama kake n'kupita kumudzi kwawo ku Mualadzi kukatsanzika.

Kumudziko kunali a Albertina, akulu awo a mayi ake, omwe anamulera. Lurdes ankangowatcha Amayi, popeza mayi ake omubereka, a Vaileti, sankawakumbukira. Ankangodziwa kuti anamwalira ndi matenda kumsasa wa othawa nkhondo ku Zambia iye ali ndi zaka zitatu, ndiponso kuti bambo ake anasowa pa nkhondo iye adakali m'mimba. Chithunzi chawo panalibe ngakhale chimodzi.

"Chingerezi?" a Albertina anafunsa akutonola chimanga, osatukula mutu. "Chipwitikizi chija sichikukwana?"

"Wodziwa Chingerezi ntchito sasowa, Amayi."

A Albertina anaponya chitsononkho patali, nkhuku n'kubalalika. "Pita," anatero.

Shikolayo inali nyumba zitatu za njerwa zootcha ndi katchalitchi kofolera malata, pachitunda pomwe kale panali kantini, sitolo ya Mpwitikizi yomwe inapsa pa nkhondo. Maziko a kantiniyo ankaonekabe kuseri kwa khitchini, ndipo mbuzi zinkakonda kugona pamenepo. Ophunzira analipo khumi ndi asanu ndi anayi, ambiri a iwo a pabanja kale. M'mawa ankayamba ndi mapemphero, kenako Abusa Bernardo, omwe analinso diretoro, mkulu wa shikolayo, ankaphunzitsa Baibulo mpaka dzuwa lifike paliwombo. Masana onse anali a Apulofesoro Semu.

A Semu anali munthu wamtali, woonda, wa zaka zoyandikira makumi asanu ndi awiri. Malaya ankamanga mabatani mpaka pakhosi, kaya kutenthe bwanji. Khutu lawo lamanzere silinkamva, choncho munthu akamalankhula ankapendeketsa mutu kuti amutchere lakumanja. Nthawi yonse ya nkhondo anakhala ku Zambia, ndipo Chingerezi chawo anthu ankachitama mpaka ku Tete.

Tsiku loyamba ankaitana mayina mofulumira, maso ali papepala.

"Lurdes Sailesi."

"Ndilipo, Apulofesoro."

Cholembera chinaima. A Semu anatukula mutu pang'onopang'ono, natembenuzira khutu labwino lija komwe kunachokera mawu.

"Nenaninso."

"Ndilipo."

"Kwanu n'kuti, mayi?"

"Ku Mualadzi. Koma ndinabadwira ku Zambia, kumsasa."

Anamuyang'ana nthawi yaitali, mpaka ena anayamba kusuntha mapazi pansi pa mabenchi. Kenako anaitana dzina lotsatira. Kuyambira tsiku limenelo ankamuyankha mwaulemu funso lililonse, koma ikafika nthawi yowerenga mokweza ankamudumpha.

Mabuku anachokera kumipingo ya kunja m'makatoni, ena chiswe chitawalawa kale. Buku limodzi ankagawana anthu awiri kapena atatu. Lurdes ankagawana ndi Nélio, telala wa pa Nsadzo pomwepo, yemwe imvi zinali zitayamba kumera m'ndevu. Anayamba ndi nkhani zazifupi, kenako ndakatulo, kenako buku lalitali lomwe masamba ake omaliza anathothoka, moti a Semu anauza aliyense kuti alembe yekha mathero ake. Powerenga ndakatulo ankatsinzina. Akamaliza ankafunsa funso lomwelomwelo: "Akulankhula ndani apa? Nanga akuuza yani?" Lurdes anayamba kuloweza mizere ina popanda womutuma, n'kumainong'ona ali pamzere wotunga madzi.

M'nyengo yozizira anawapatsa ntchito yolemba tsamba lathunthu m'Chingerezi, aliyense za mayi ake omubereka. Lurdes anakhala ndi kaderino wake, kope lolembamo, masiku awiri, n'kutulutsa mizere isanu ndi umodzi yokha: dzina, msasa, matenda, ndi kuti manda sawadziwa. Makaderino a anzake anabwerera atafiira ndi inki. Wake anabwerera wopanda chizindikiro chilichonse, ngakhale iye mwini anapezamo zolakwa ziwiri.

Kutentha kutayamba, kutatsala masabata asanu ndi limodzi kuti ezame, mayeso olankhula Chingerezi, ichitike, a Semu anagona ndi malungo kunyumba kwawo. Abusa Bernardo sanafune kuti masana azipita pachabe. Anafufuza m'chipinda chosungira katundu napeza bokosi lachitsulo lomwe a Semu anabwera nalo poyamba ntchito, lodzaza ndi makaseti akale ophunzitsira katchulidwe ka mawu, ndi wayilesi yake yomwe. Anailumikiza ku batire ya sola n'kuuza Nélio kuti aziyendetsa phunzirolo.

Makasetiwo anali osavuta. Mzungu wamkazi ankanena chiganizo, kenako pamakhala chete kuti wophunzira abwereze. Tsiku lachitatu Nélio anaika kaseti yachisanu ndi chiwiri. Mzungu uja ananena ziganizo zingapo, kenako panamveka kaphokoso ngati wina wadina batani, mawu ake n'kuduka pakati pa liwu. M'malo mwake munamveka tambala chapatali, ndi mwamuna akunena chiganizo cha Chingerezi pang'onopang'ono. Onse anawazindikira a Semu, ngakhale mawuwo anali a munthu wachinyamata. Kenako mkazi wina anabwereza.

Onse m'chipindamo anaphulika n'kuseka.

"Mana Lurdes, munajambulitsa liti zimenezi osatiuza?" wina anafunsa ali kumbuyo. Pashikolapo ankaitanana mana ndi mano, kutanthauza mchemwali ndi mchimwene.

Anali mawu ake enieni. Kukoka kwake kwa kumapeto kwa liwu, kusasa pang'ono kwa pakhosi komwe anthu ankamufunsa nako ngati ali ndi chimfine, ngakhale kapumidwe kake asanayambe liwu lovuta, zonse zinali momwemo. Lurdes anamva ngati akudzimvetsera yekha ali kuseri kwa khoma. Anaseka nawo.

Mkaziyo anapitiriza kutsatira a Semu, ndipo Chingerezi chake chinali chapafupi moti aliyense anamva. Anati dzina lake ndi Vaileti. Anati akufunafuna mwamuna wake, dzina lake Sailesi. Anati ali ndi mwana mmodzi wamkazi.

Kuseka kunatha. Lurdes anaimirira osadziwa kuti waimirira, kaderino n'kugwa pansi. Nthawi yomweyo mkazi wa pa kasetiyo anasiya Chingerezi nalankhula Chinyanja, osakweza mawu koma molamula:

"Lurdes, khala pansi."

Anakhala.

Nélio anazimitsa wayilesi. Kwa kanthawi kunkangomveka nyenje zikulira m'mitengo panja.

"Munali mwana, mana," Nélio anatero pamapeto pake. "Munali pomwepo akujambula, mukusokoneza. Mayi aliyense amatero."

"Mwamumva mwanayo, mano Nélio?" Lurdes anafunsa.

Tambala anamveka bwinobwino pa kasetiyo. Mwana sanamveke.

Mawa lake, nthawi ya chakudya chamasana, ena onse atakhala pamthunzi kuseri kwa tchalitchi, Lurdes anapempha Nélio kuti akamvetsere limodzi zotsalazo. Sanafune kukhala yekha m'chipindamo. Dzuwa linali likuswa mtengo, malata akuthetheka pamwamba pawo.

Vaileti ankalakwitsa, kubwereza, n'kulakwitsanso. Liwu lina linamukanika kanayi, ndipo anaseka, a Semu nawonso n'kuseka. Lurdes anali asanawamvepo a Semu akuseka. Anagwira m'mphepete mwa tebulo ndi manja onse awiri, misozi ikudonthera pathabwa. Ankafuna phunzirolo lisathe.

Panja kamvuluvulu anadzuka pamaziko a kantini paja, nadutsa pabwalo atanyamula masamba ouma ndi mapepala. Chitseko cha chipindacho chinatseguka mwamphamvu n'kumenya khoma.

"Tseka chitseko," anatero mawu a pa kaseti. "Fumbi likulowa."

Nélio anadzuka, nakatseka, n'kungoima komweko msana uli kuchitseko.

"Kumsasa nakonso kunali fumbi," anatero, osamuyang'ana Lurdes.

Patapita kanthawi a Semu a pa kasetiyo anati zakwana kwa lero. Panatsala phokoso lokha la tepi yopanda kanthu, lalitali moti Nélio anabwera kuti azimitse. Dzanja lake lisanafike pabatani, mawu aja anabweranso, tsopano pafupi kwambiri, ngati wolankhulayo waika pakamwa pa wayilesi penipeni. Tambala sankamvekanso.

"Lurdes. Pita kwa Albertina. Akukuitana."

Kaseti inafika kumapeto, batani n'kudumpha lokha.

Anaibweza m'mbuyo kawiri. Za chitseko zinalipo. Phokoso lopanda kanthu lija linalipo mpaka kumapeto. Mawu omalizawo sanapezekenso.

"Ndawamva ine," Nélio anatero. "Musadzaganize kuti munali nokha. Ndawamva ndi makutu angawa."

Abusa Bernardo anamvetsera nkhani yonse ali chiimire pakhomo la ofesi yawo, mbale ya nyemba ili m'manja.

"Akufa salankhula pa wayilesi, mwana wanga. Mwamva mawu a mayi anu koyamba, mtima wasokonezeka. Nélio nayenso ndi wamantha kuyambira kale." Anamuika dzanja pamutu napemphera mwachidule. Atati ameni anayang'ana kumsewu. "Komabe mayi wokalamba ali yekha. Tengani njinga yanga. Buleki yakumbuyo sigwira."

Lurdes anapalasa osapuma, fumbi likumamatira pathukuta. Njira yonse ankaona m'maganizo mwake anthu atadzaza pabwalo la kwawo, amuna uku, akazi uko. Anafika dzuwa litapendeka. Bwalo linali losesedwa bwino, lopanda munthu. A Albertina anali pakhonde atavala kapulana, nsalu yawo yopitira kutchalitchi, manja ali pamiyendo, osagwira ntchito iliyonse.

"Wafika," anatero. "Ndimayesa ufika mawa."

"Amayi, mukudwala?"

"Ayi. Imika njingayo, ukhale apa."

Lurdes anakhala pansi chapafupi.

"Lero ndi tsiku lachitatu," a Albertina anayamba. "Ndikamasosa kumunda, dzuwa likangofika pamutu, wina amandiitana kuchokera m'tchire la kumalire kwa munda. Amati Tina, Tina. Palibe munthu wamoyo amanditcha choncho. Lero ndinaponya khasu pansi, ndinakuwa dzina lako katatu ngati wamisala. A munda woyandikana mpaka anabwera kudzaona."

Lurdes anawafotokozera za kaseti, kuyambira pa kuseka kwa anzake mpaka pa mawu omwe sanapezekenso. A Albertina anamvetsera maso ali pansi. Atamaliza, anapukuta kumaso ndi nsonga ya kapulana.

"Ndinakunamiza, mwana wanga. Mayi ako sanadwale. Manda ake kulibe, ku Zambia ngakhale kuno."

Anaifotokoza nkhaniyo pang'onopang'ono, akuima kawirikawiri. Vaileti anayamba kuphunzira Chingerezi kuti azilankhula yekha ndi anthu a ofesi yofufuza abale otayana pa nkhondo, chifukwa womasulira ankamudulira mawu. Analembetsa dzina la mwamuna wake, nadikira chaka chathunthu osamva kanthu. Kenako munthu wina anafika kumsasa n'kunena kuti a Sailesi wawaona amoyo pamudzi wina tsidya lino la malire. Inali miyezi iwiri nkhondo isanathe, koma palibe ankadziwa kuti ikutha. Vaileti anasiya mwana m'manja mwa mkulu wake nati abwerako ikatha sabata. Mphunzitsi wake, yemwe ankadziwa njira za m'tchire, anamuperekeza. Patapita masiku anayi mphunzitsiyo anabwerera yekha, nati wamuolotsa bwinobwino, wamusiya panjira yolowera pamudzipo.

"Ndinadikira," a Albertina anatero. "Titabwerera kuno ndinkayang'ana nkhope ya mkazi aliyense wotsika galimoto. Iwe unkafunsa tsiku ndi tsiku. Ndinakuuza kuti anamwalira kuti uleke kukaima kumsewu."

"Mphunzitsiyo anali ndani?"

"Semu Yosiya. Wamtali, woonda. Chichokere kumsasa sindinamuonenso."

Lurdes anakumbukira kuti miyezi yonseyi, akabwera kutchuthi, ankangoti Apulofesoro, osatchula dzina.

"Amayi, ndi amene amandiphunzitsa."

M'mawa mwake ananyamuka onse awiri, a Albertina atakhala pakaliyala. Nyumba ya a Semu inali kuseri kwa msika wa pa Nsadzo. Anawapeza pamphasa pansi pa mtengo wa mango, bulangete lili pamaondo ngakhale kunkatentha. Atawaona akutsika panjinga anayesa kuimirira, koma analephera.

"A Albertina," anatero.

"Mukundidziwa."

"Abusa anabwera dzulo kudzandiuza za kaseti. Ndinkayesa ndinaitaya kalekale. Ayi, ndikunama. Ndinkadziwa kuti ili m'bokosimo."

A Albertina sanakhale pamphasa. Anakhala pansi pafumbi, moyang'anana nawo.

"Mng'ono wanga munamusiya pati?"

A Semu anayang'ana manja awo. "Tinayenda masiku awiri. Tinafika pakamtsinje ka m'malire dzuwa lili pamutu. Ndinali nditalonjeza kuti ndikamufikitsa pakhomo penipeni, koma nditaona mapazi a nsapato za asilikali pamchenga, ndinachita mantha. Tsidya linalo panali njira ziwiri. Ndinamuuza kuti atsate ya kumanja, yodutsa pansi pa mtengo wa mbawa, kuti ndiyo yabwino. Sindinkadziwa ngati ndi yabwino. Ndinangoloza kuti ndibwerere msanga. Anandithokoza m'Chingerezi, akuseka. Ndinali ndisanamalize n'kukwera gombe komwe pomwe bomba lokwirira linaphulika."

"Munapita kukaona?" Lurdes anafunsa.

"Ayi."

"Mwina anali adakali moyo."

"Mwina, mayi." Anagwira khutu lawo lamanzere. "Ili linatseka tsiku lomwelo. Kuchipatala amati mkatimo mulibe chowonongeka."

"Ndiye miyezi yonseyi mumandiyang'ana, mumawerenga zomwe ndinalemba zija, osanena kanthu?"

"Tsiku lililonse ndinkati ndinena mawa."

A Albertina sanakweze mawu. "Mukanangonena nthawi yomweyo. Tikanalira, tikanameta, mwanayu akanakula akudziwa. Mutitengere komweko, mukatilozere."

"Mmene ndililimu sindingayende mpaka kumeneko."

"Pofika Loweruka mudzayenda."

Loweruka anayendadi. Nélio anatseka makina ake osokera nabwera kudzanyamula a Semu panjinga mpaka pomwe msewu unathera. Abusa Bernardo anati iwo sapita nawo ulendo woterowo, koma chomwe akukatengacho chikafika kumudzi adzabwera kudzapemphera pamanda. Ochotsa mabomba anali atadutsa m'deralo zaka zambiri zapitazo, ndipo anthu ankalima mpaka kufupi ndi malire, koma njira ya pansi pa mbawa ija palibe ankaigwiritsa ntchito. Inali itatsekeka ndi udzu wouma.

Kamtsinjeko kanali kouma, mchenga wokhawokha. A Semu anaima pagombe nthawi yaitali atatsamira ndodo, kenako analoza. Onse anadutsa mbawayo, nayenda mapazi ngati makumi awiri, n'kupeza kadzenje kosazama kodzaza ndi masamba. Palibe ananena kuti ndi pamenepo. A Albertina anangogwada, namasula kathumba ka ufa, nathira pansi pang'onopang'ono. Anawomba m'manja mwaulemu katatu.

"Vaileti, ndine Albertina. Ndachedwa, usandikwiyire, njira sindinkaidziwa. Mwana uja ndi uyu, ndamulera, wakula. A Sailesi sanabwere. Tiye kwathu, kuno n'kutchire."

Anamukodola Lurdes ndi chigongono. Lurdes anali atakonza zambiri zoti anene, sabata yonse ankazibwereza mumtima, koma zonse zinathawa.

"Amayi, ndine Lurdes," anatero. "Ndabwera."

Atamva mawu ake omwe pamalo amenewo, sanathe kutsimikiza kuti atuluka pakamwa pake. Nyenje zomwe zinkalira m'tchire monsemo zinasiya nthawi imodzi.

A Albertina anatapa dothi ndi manja awiri naika pansalu yoyera, namanga, n'kumubereketsa Lurdes kumsana ndi kapulana ngati mwana.

"Tsogola. Aliyense asacheuke mpaka kumsewu."

Lurdes anali patsogolo, a Albertina pambuyo pake, kenako Nélio akukankha njinga, a Semu pamapeto. Masamba ouma a masuku ankaphwanyika pansi pa mapazi. M'chete mmene munalimo Lurdes ankatha kusiyanitsa aliyense: kukhwekhwereza kwa a Albertina, tcheni cha njinga, ndodo ya a Semu ikugunda pansi. Ndipo panalinso mapazi ena, opepuka, opanda nsapato. Iwo akaima kuti okalambawo apume, mapaziwo ankaponda kamodzi kapena kawiri, n'kuimanso.

Atakwera gombe, a Semu anayamba kulankhula kumbuyoko motsitsa mawu. Chinali Chingerezi, chiganizo chachifupi, chonenedwa pang'onopang'ono. Kenako anakhala chete. Ananena china, n'kukhalanso chete. Lurdes anatchera khutu m'mipata imeneyo koma sanamve kanthu. Mpata wachitatu utatha a Semu anati m'Chinyanja:

"Eya. Mwakhoza, mayi."

Nélio anayamba kuimba nyimbo ya kutchalitchi chapansipansi, akulakwitsa mawu.

"Osacheuka," a Albertina anatero.

Khosi la Lurdes linauma ndi kufuna kutembenuka. Kamtolo ka kumsana kanali kopepuka, koma kankatentha kudutsa malaya. Anayang'ana zala za kumapazi kwake, nayenda, mpaka udzu unatha n'kuyamba fumbi lofiira la mumsewu. Ngolo ya ng'ombe inkadutsa itanyamula nsungwi, woyendetsa anawapatsa moni, ndipo nyenje zinali zikuliranso. A Semu anakhala pansi m'mbali mwa msewu, malaya atanyowa, namasula batani la pakhosi. Palibe anawafunsa kanthu.

Lolemba ku Mualadzi kunachitika maliro. Kalipentala wa pamudzi anakhoma kabokosi kakang'ono, naikamo nsalu yoyera ija ndi dothi lake. Amayi achikulire omwe anali kumsasa limodzi ndi Vaileti analira ngati wamwalira dzulo. Abusa Bernardo anabwera monga analonjezera, napemphera pamanda, osafunsa zomwe zinachitika kumalire. A Semu anafika nawo koma anaima patali, pamthunzi wa nkhokwe ya oyandikana nawo. Palibe anawathamangitsa, palibenso anawaitana. Patapita masiku a Albertina anameta, Lurdes nayenso.

A Semu sanabwererenso kudzaphunzitsa. Anatumiza mabuku awo a ndakatulo kudzera kwa Nélio, ndi kapepala kopempha Abusa kuti Lurdes azitsogolera kuwerenga mpaka mphunzitsi wina apezeke. Tsiku loyamba anaima kutsogolo mutu uli m'duku, buku lili m'manja. Atayamba kuwerenga mokweza, awiri a pabenchi lakumbuyo anayang'ana pansi. Anapitirizabe mpaka kumapeto kwa tsamba. Ezame itafika, oyesa ochokera ku Tete anamufunsa kwa mphindi khumi, ndipo anakhoza. Kaseti ija Abusa anamupatsa, iye n'kuikulunga m'nsalu n'kuiika pansi pa zovala m'sutikesi.

Mu Januwale, mvula ili pakati, Nélio anaimba foni kuti a Semu amwalira ndipo aikidwa mawa lake. Lurdes anali kumunda akupalira ndi a Albertina. Anabwezera foni m'thumba n'kunena zomwe wamva.

"Ine sindipita," anawonjezera.

A Albertina anapalira mpaka kumapeto kwa mzere, nawongola msana.

"Iwe khala. Ine ndipita. Ndikufuna ndikaone ndi maso anga kuti waikidwa, abale ake akudziwa pomwe wagona."

"Mupita bwanji, Amayi? Wapansi?"

M'mawa mwake Lurdes anabwereka njinga n'kuwakweza. Mtsinje wa panjira unali utadzaza, ndipo anakhala pagombe pamodzi ndi anthu ena kudikira kuti madzi atsike. Anafika pa Nsadzo atanyowa mpaka m'chiuno, anthu akubwerera kale kuchokera kumanda. Nélio anawatengera komweko nawaonetsa mulu wa dothi lofiira. A Albertina anaima pamenepo kanthawi, osagwada. Pobwerera anakhala ndi azimayi kuseri kwa nyumba ya maliro. Ataona kuti mitsuko yatha madzi, anatola ndowa ziwiri, imodzi n'kupatsa Lurdes, nafunsa mayi wina njira ya kuchitsime.